Bowo Lakuda pa Chifuwa

Chithunzi choyamba anachipeza Lachiwiri m'mawa, chili lende pa chingwe, madzi akudontha pa ngodya yake. Chipinda chamdima chotsukiramo zithunzicho anali atachitseka yekha dzulo lake madzulo, chingwe chilibe kanthu, mabeseni atatu a mankhwala atavundikira, loko atakhoma. Koma tsopano chithunzi chinali pamenepo, chonyowa ngati wochitsukayo wangotuluka kumene.

Mwini chipindacho anthu a mumsewu umenewo ankamutcha Musaphethire. Dzinalo linachokera kale, nkhondo isanayambe, pamene anali ndi kanyumba kojambulira pafupi ndi msika ndipo aliyense woima patsogolo pa kamera yake ankamva mawu omwewo. Nkhondo itabwera, anthu analeka kujambulitsa, poti wanjala safuna kuona nkhope yake. Ndiye analembedwa ntchito ku ofesi ina imene inkafuna zithunzi za mmene anthu wamba akukhalira pa nthawi ya nkhondo, akuti kuti zidzukulu zidzaone. Ankayenda ndi kamera yake yakale m'mizere ya ufa ndi ya palafini, kumipope, kusiteshoni ya sitima, akujambula amayi osoka zigamba pa zigamba zinzake, nkhalamba zotola malasha m'mbali mwa njanji, mashopu a mashelefu opanda kanthu. Filimu inali yosowa ngati shuga, choncho chinthu chilichonse ankachijambula kamodzi basi.

Ku ofesiko kunali bwana wosankha zithunzi, munthu wa masukulu ambiri amene anali asanaimepo pa mzere wa ufa ngakhale tsiku limodzi. Ojambula ankamutcha Chiboola. Ankatenga filimu yotsuka kale, kuikweza pa windo, kusinzinitsa diso limodzi, ndipo kachidutswa kamene sanakakonde ankakalowetsa m'chiboolero chachikulu cha mapepala nkudina. Khe! Bowo pakati. Ankatero kuti wina asadzachitulutse pa pepala. Munthu wayenda dzuwa lonse nsapato zong'ambika, wina ali pampando wofewa, ntchito yatha ndi chala chimodzi. Ophunzira ndi otero. Zidutswa zoboolazo ankazikankhira kwa wojambula nkunena kuti, “Kawotche.”

Musaphethire sankawotcha. Ankaziika m'chitini cha mabisiketi pansi pa tebulo la m'chipinda chamdima, zatsopano pamwamba, zakale pansi.

Chithunzi cha pa chingwecho chinali chochokera m'chitinimo. Chinali cha wosoka nsapato wa pa ngodya ya msewu, atakhala pa kabokosi kake, akusoka nsapato ya tayala. Filimu yoboola ikatulutsidwa pa pepala, kuwala kumadutsa pabowopo popanda chotchinga, ndipo pamatuluka chinthu chozungulira chakuda bii. Chakudacho chinali pa mimba ya wosoka nsapatoyo.

M'nyumbamo munkakhala anthu atatu: iyeyo, mlamu wake, ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri. Mlamuyo anali mkazi wa mng'ono wake, wokonza njinga, amene anatengedwa kunkhondo miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Makalata anabwera awiri, kenaka zii. Mlamuyo ndiye ankamutsukira mabeseni, ndipo nthawi zina ankaima pambali pake mu mdimamo kumuwerengera masekondi pa wotchi, chifukwa maso a Musaphethire anali atayamba kufooka.

“Alamu, usiku munamva kanthu?” anafunsa m'mawa umenewo, akupemerera madzi otentha amene ankawatcha tiyi mongowalemekeza.

“Kanthu kotani, alamu?”

“Kaya. Chitseko. Madzi.”

“Ine ndinangomva mkonono wanu,” anatero mlamuyo, akumupatsa mwana kapu. “Ndege za adani zikanabwera zikanabwerera, kuyesa kuno kuli mizinga.”

Musaphethire anaseka pang'ono nkuisiya nkhaniyo. Anadziuza kuti mwina anachitsuka yekha nkuiwala. Ukalamba suuza munthu kuti ndafika.

Koma panali chinthu china chimene chinkamuvutitsa mumtima nthawi zonse akamuyang'ana mlamu wakeyo. Tsiku limene mng'ono wake ankakwera sitima, anamujambula ali chiimire pa siteshoni, kachikwama paphewa. Mwa chizolowezi anakuwa kuti, “Usaphethire!” ndipo mng'ono wakeyo, pofuna kumvera mkulu wake, anatong'ola maso. Chiboola ataona kachidutswako anati, “Uyu akupita kukamenya nkhondo kapena ndi mbuzi yopita kokaphedwa? Maso ngati amenewa angatiopsezere anthu.” Khe! Bowo linagwera pa chifuwa, mbali ya kumanzere. Musaphethire anabwerera kunyumba nkumuuza mlamu wake kuti chithunzi chinapsa, sichinatuluke. Mng'ono wakeyo analibe chithunzi china chilichonse padziko lapansi. Mbale wake wa wojambula, koma osajambulidwapo. Ankangoti tidzajambula mawa. Kachidutswa kameneko kanali pansi penipeni pa chitini.

Usiku wa Lachiwiri anakhoma loko, naukoka kawiri, naika kiyi pansi pa pilo. Nthawi imeneyo usiku unali usikudi. Mawindo onse ankatchingidwa ndi masaka chifukwa cha ndege, m'misewu munalibe getsi ngakhale limodzi, agalu omwe anali atachepa. Magetsi ankabwera madzulo kwa maola awiri nkuzima, kenaka nkudzabweranso pakati pa usiku mafakitale a zida akapuma. Anagona akumvetsera malata akudandaula ndi kuzizira, mpaka tulo tinamuba.

M'mawa anapeza zithunzi zitatu pa chingwe. Mayi wonyamula ndowa ziwiri, bowo pa khosi. Nkhalamba ya m'mbali mwa njanji, bowo pa dzanja. Mzere wa palafini, bowo litameza mutu wa munthu wachinayi. Loko anali wokhoma, kiyi anali pansi pa pilo pomwe anamusiya.

Usiku wa Lachitatu anatsimikiza kuti sagona. Anakhala tsonga pa bedi, bulangeti m'mapewa, msana pa khoma lozizira limene kuseri kwake kunali chipinda chamdima. Kwa nthawi yaitali kunalibe kanthu, kupatula mwana kutsokomola m'chipinda cha mayi ake ndi sitima ya katundu kulira kutali, kulira kokoka ngati ng'ombe yotayika. Kenaka waya wa kudenga anayamba kung'ung'uza, kusonyeza kuti magetsi abwera. Ndipo patapita kanthawi, kuseri kwa khomalo kunamveka madzi.

Sanali madzi odontha. Anali madzi ogwedezedwa m'beseni pang'onopang'ono, uku ndi uku, tshwa, tshwa, monga amachitira wotsuka zithunzi podikira nkhope kuti ituluke pa pepala. Anawerenga chamumtima. Masekondi makumi asanu ndi anayi atakwana, madziwo anaima, ndendende mmene iye mwini amachitira. Tsitsi linamuima. Anafuna kuitana mlamu wake, koma mwamuna wamkulu angaitane bwanji mzimayi kuti adzamuteteze ku beseni? Anadzifunditsa bulangeti kumutu namvetsera madziwo akuyambanso, kuimanso, kuyambanso, mpaka kanayi.

Zithunzi zimenezi sanafune kuzisunga. Anazipinda nazitaya kudzala kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko nkumene analakwitsa, chifukwa pa nthawi ya nkhondo kulibe pepala lotayika. Mayi wogulitsa makala wa nyumba yoyandikana, amene ankatola mapepala okolezera moto, anazipeza Lachinayi masana.

Madzulo ake anamudikirira pa mpanda, manja akuda ali m'chiuno, chithunzi chimodzi chili m'manja.

“Aneba, tabwerani kuno,” anatero monong'ona. “Uyu ndani?”

“Ndi inuyo, mayi.”

“Ndikudziwa kuti ndi ineyo, mphuno yangayi sindingaiiwale. Ndikufunsa diso langa lili kuti.”

Bowo linali litagwera pa diso lake la kumanja. Musaphethire anafotokoza za bwana, za chiboolero, za kuwala kodutsa pa bowo. Mayiyo anamvetsera mutu uli chopendekera ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

“Ndiye bwana wanuyo diso langa alitani?”

“Salitani kanthu. Ndi filimu chabe.”

“Filimu chabe. Nanga bwanji kuyambira dzulo likundinyerenyetsa?”

“Ndi utsi wa makala, mayi. Lakhala likukunyerenyetsani kuyambira ndili ndi mano onse.”

Mayiyo sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku nasendera pafupi, mawu ake atatsikiratu. “Mwamva za wosoka nsapato? Wagona kuyambira Lachiwiri. M'mimba. Akuti mkati mukuwotcha ngati mwalowa khala la moto. Chithunzi chake ndachionanso, aneba. Ndaona pamene pali chakudacho.”

Mphekesera ilibe miyendo koma imafika kumsika msanga kuposa njinga. Pofika Lachisanu anthu ankati wojambula uja amagulitsa zithunzithunzi za anthu kwa akuluakulu a nkhondo, ndipo amene wabooledwa ndiye kuti wasankhidwa kufa m'malo mwa mwana wa bwana amene ali kunkhondo. Ena ankati usiku nyumba yake imatulutsa kuwala kofiira pansi pa chitseko ngati magazi. Atafika pa mzere wa ufa ndi kamera yake, amayi anaphimba nkhope za ana awo ndi nsalu, amuna anatembenuka kumupatsa misana. Anthu omwewo amene anawajambula pa maukwati awo, ena mwaulere, amene zithunzi zake zinali zikadali pa makoma a nyumba zawo. Munthu ndi wosayamika. Ukamusenza zaka khumi nkumutsitsa tsiku limodzi, amakumbuka tsiku lomutsitsalo.

Wosoka nsapato anamwalira Loweruka m'bandakucha. Aliyense ankadziwa kuti munthuyo anatha miyezi akudya kamodzi pa tsiku, mwina osadya kumene, kuti ana ake adye. Koma njala ilibe nyumba yoti anthu nkukaigenda. Madzulo amenewo miyala iwiri inagwa pa denga la Musaphethire.

Chimene chinamusowetsa mtendere sichinali miyalayo. Masana a tsiku limenelo anatsegula chitini nayala zidutswa zonse pa tebulo, ndipo anaona chimene anali asanachione. Wotsuka wa usikuyo sankatola chisawawa. Anayambira pamwamba, kwa wosoka nsapato, ndipo usiku uliwonse ankatsika pansi motsatana, osadumpha ngakhale chimodzi. Zinali zitatsala zinayi. Chachinayicho chinali cha mng'ono wake.

Iye sanali munthu wokhulupirira za mayi wa makala. Ankadziwa kuti bowo ndi bowo. Komabe wosoka nsapato anali m'bokosi, ndipo makalata anali atasiya kubwera. Anakatenga kachidutswako nakakweza pa windo. Anaganiza zokawotcha monga analamulira bwana, mpaka anayatsa machesi, koma motowo unamuwotcha chala asanakayandikitse. Akakawotcha, ndiye kuti mng'ono wake watheratu. Anakakulunga m'kapepala nakaika m'thumba la malaya, pamtima.

Usiku umenewo sanakhale pa bedi. Anakhala pansi m'kanjira ka pakati pa zipinda, kuseri kwa kabati, mpini wa tsache uli m'manja. Mdima unali wokhuthala moti ankaumva ukumukhudza m'maso. Kunyumba ya maliro kunkamveka nyimbo yotsika, yoimbidwa ndi anthu opanda mphamvu, ikubwera ndi mphepo nkupitanso. Kenaka waya anang'ung'uza. Chitseko china chinalira pang'ono. Mapazi opanda nsapato anadutsa pafupi naye, pafupi kwambiri moti mphepo ya nsalu inamukhudza pa bondo. Kiyi analowa mu loko mofewa ngati wadzozedwa mafuta. Pansi pa chitseko panatuluka kamzere kofiira.

Anadikira mpaka madzi atayamba. Ndiye anadzuka, mawondo akulira, nakankha chitseko.

Pansi pa getsi lofiira, atawerama pa beseni, milomo ikuwerenga masekondi, panali mlamu wake. Sanadzidzimuke. Sanatembenuke nkomwe.

“Tsekani chitseko, alamu,” ananong'ona. “Muwononga pepala.”

Anatseka. Anaima ndi mpini wake wa tsache ngati chitsiru, akuyang'ana zala za mlamuyo zikutembenuza pepala m'mankhwala. Zikhadabo zake zinali zofiirira. Anali ataziona sabata yonse pa tebulo lodyera, nkumayesa ndi dzimbiri la ndowa.

“Kiyi mwamutenga kuti?”

“Loko uyu anagula ndi mng'ono wanu. Makiyi anali awiri.”

“Nanga kutsuka anakuphunzitsani ndani?”

“Miyezi isanu ndi iwiri ndikukugwirirani wotchi. Mumayesa maso ndimawasiya kukhitchini?”

Mlamuyo anatulutsa pepalalo, naliviika m'beseni lachiwiri, kenaka lachitatu, nalikweza pafupi ndi getsi. Anali mnyamata wogulitsa nyuzipepala, bowo pa phewa. Anapumira m'mwamba nalipachika pa chingwe.

“Inu simutaya filimu, alamu. Ngakhale yopserera mumasunga. Tsiku lomwe munati chithunzi cha amuna anga chinapsa ndinadziwa kuti mukunama, koma ndinati mwina muli ndi chifukwa. Ndadikira. Ndiye sabata yatha ndinagona nkuyesa kuwakumbuka, nkhope yawo osabwera. Mawu ndikuwamva, kayendedwe ndikukaona, koma nkhope yandithawa. Mwana uyu akaona aliyense wa yunifolomu akuti ababa.” Anapukuta manja pa nsalu yake. “Ndinayesa kuyang'ana timafilimuti pa kandulo. Zonse nzotembenuka, choyera chakuda, chakuda choyera, anthu onse ngati mizukwa. Sindikanawazindikira. Ndiye ndinati ndingotulutsa chimodzichimodzi mpaka ndiwapeze.”

“Bwanji osabisa? Kumazisiya pa chingwe, ine nkumafa ndi mantha, anthu nkumagenda nyumba.”

“Za miyala pepani, sindinadziwe kuti mukazitaya kudzala. Koma kusiyako ndinkasiya dala. Ndinkafuna mundifunse. Munangondifunsa kamodzi ngati ndamva madzi.” Anamuyang'ana koyamba. “M'chitinimu mwatsala ziwiri, ndipo dzulo munatsala zinayi. Ndatsuka chimodzi. China chili kuti?”

Musaphethire anatsamiritsa mpini pa khoma. Anatulutsa kapepala kaja m'thumba.

“Alamu, musanaone. Ali ndi bowo.”

“Onsewa ali ndi mabowo.”

“Lake lili pa chifuwa. Ndipo wolakwa ndine. Ndinamuuza kuti asaphethire.”

“Ikani m'makinamo.”

Anaika. Anayatsa makina okuzira zithunziwo, mlamu wake akuwerenga, kenaka pepala linalowa m'mankhwala. Poyamba linali loyera. Chimene chinayamba kutuluka chinali bowolo, kadontho kotuwa kakuda msanga kuposa china chilichonse, lili lokha pakati pa pepala. Pambuyo pake panabwera denga la siteshoni, lamba wa chikwama, makutu, ndipo potsiriza maso awiri otong'oka akuwayang'ana kuchokera pansi pa madzi.

Mlamuyo anaseka, kuseka kotulukira m'mphuno pamodzi ndi misozi. “Ndi iwowa. Taonani makutuwo. Ndinaiwala bwanji makutu ngati amenewa?” Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika chala pa chakudacho. “Apa panali batani. Linaduka m'mawa womwewo, ndiye ndinadula loyera la diresi langa nkuwasokerera ali chivalire. Alamu, kachidutswa kamene bwana wanu anaboolako kanapita kuti?”

Funso limeneli Musaphethire anali asanadzifunsepo.

Lolemba anapita ku ofesi ndi filimu ya sabata imeneyo, imene inali ya misana ya anthu yokhayokha. Chiboola anaiyang'ana pa windo nati, “Izi ndiye zabwino. Zikusonyeza anthu akuyang'ana kutsogolo.” Sanaboole ngakhale chimodzi. Nthawi ya nkhomaliro itakwana anatuluka kukadya kumene amadya mabwana, kumene ufa sunasowepo. Chiboolero chinatsala pa tebulo. Kunsi kwake kunali kachivundikiro kosungira tizidutswa, ndipo kanali kasanatsegulidwe kwa chaka, chifukwa imeneyo inali ntchito ya mesenjala, ndipo mesenjalayo anali atatengedwa kunkhondo. Bwana sangakhuthule zinyalala zake yekha. Musaphethire anayala mpango wake natsegula. Tinagwa timizunguliro ta filimu mazanamazana, tating'ono ngati mamba a nsomba.

Madzulo atatu anakhala pa tebulo ndi mlamu wake, kandulo pakati, galasi lokuzira likuyenda kuchoka m'dzanja la uyu kupita la uyo. Ankanyamula kamodzikamodzi ndi nsonga ya singano yonyowa. Munali maso, milomo, zala zogwira ndowa, khutu la mwana, ntchito ya ojambula onse a mu ofesimo. Mlamuyo anapeza diso limene ankalumbira kuti ndi la mayi wa makala. “Tikawabwezere,” anatero, “mwina asiya kutinena.” Madzulo achitatu, kandulo itatsala pang'ono kutha, mlamuyo anaimitsa singano, galasi lili pa diso. Pa kamzunguliroko panali kadontho kakuda ka timabowo tinayi towala, pambali pake mzere wa thumba la malaya.

Musaphethire anakalowetsa pamalo pake ndi singano, napanikiza filimuyo pakati pa magalasi awiri. Kanakwana ndendende. M'bokosi munali mutatsala mapepala awiri okha. Anatenga limodzi. Chithunzi chitatuluka, chifuwa chinalipo, batani loyera linalipo, kungoti mozungulira batanilo munatsala kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi.

“Kameneko sindingakachotse,” anatero.

“Kasiyeni. Munthu wosokedwa amakhala ndi chipsera.”

Anachiumitsa pa chingwe, mlamuyo nachitenga kupita nacho kuchipinda kwake. Kudzera pa khoma Musaphethire anamumva akudzutsa mwana, akunena motsitsa kuti, “Awa ndiwo ababa. Awa. Osati aja a pamsewu.” Iye anachotsa filimu ija m'makina naibwezera m'thumba la malaya, anamasula getsi lofiira naliika m'chikho pafupi ndi bedi, anakhoma loko, ndipo makiyi onse awiri, amene mlamu wake anamupatsa yekha, anawamanga pa chingwe navala m'khosi. Anagona tulo timene anali asanagonepo chichokereni sitima ija.

Chimene chinamudzutsa, kunja kukadali mbuu, chinali kudontha. Tho. Kanthawi. Tho. Anagwira pakhosi, makiyi analipo. Anagwira m'thumba, kapepala kanalimo. Getsi linali m'chikho. Anatuluka m'kanjira napeza mlamu wake ataima kale pa chitseko cha chipinda chamdima, chithunzi cha dzulo chili pa chifuwa chake.

“Si ine, alamu,” ananong'ona.

“Ndikudziwa.”

Anatsegula loko. Bokosi la mapepala linali lotsegula, lopanda kanthu. Pa chingwe panali chithunzi chimodzi chonyowa. Anachitulutsira pakhomo pamene panali kuwala pang'ono. Siteshoni inali yomweyo, chikwama chomwecho, makutu omwewo. Batani loyera linali pamalo pake, ndipo kamzere kozungulira kaja kunalibe, ngati chifuwacho sichinabooledwepo. Koma maso anali otseka.

“Ndinajambula kamodzi kokha,” anatero Musaphethire. “Kamodzi kokha, alamu. Sanaphethire.”

Mlamuyo anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana mpaka dontho lina linagwera pa phazi lake. Ku nyumba yoyandikana mayi wa makala anali atayamba kutsokomola ndi kukoleza moto, ndipo kutali sitima ya m'mawa, imene inkabweretsa makalata, inali kulira polowa m'siteshoni.

“Atopa,” anatero mlamuyo. “Miyezi isanu ndi iwiri ali chiyang'anire chifukwa cha inu. Asiyeni agone.”

Analowanso mu mdimamo nachipachika pa chingwe kuti chiume, nachipana ndi zopanira ziwiri kuti chisapindike.